Mmene mungapezere mudzi wa cohousing n'kulowamo osadzanong'oneza bondo

Anthu ofuna kukakhala m'mudzi wa cohousing amakonda kugwa m'mbuna ziwiri. Ena amatha zaka akuwerenga ndi kusirira zithunzi pa intaneti, koma phazi lawo silinapondepo pamudzi ngakhale umodzi. Ena amapita tsiku loonetsa alendo, amaona dimba lobiriwira, amadya nawo chamadzulo, mtima n'kugwa pompo, ndalama n'kupereka. Pakatha miyezi ingapo amapezeka ali pamsonkhano wa maola atatu wokambirana za agalu, akudzifunsa chimene anadzera.

Pamudzi wotere banja lililonse limakhala ndi nyumba yakeyake, khitchini yake, bafa yake ndi chitseko chokhoma. Malipiro anu ndi anu, palibe zoponya ndalama zonse m'thumba limodzi. Zogawana ndi malo: nyumba ya onse yokhala ndi khitchini yaikulu ndi holo yodyeramo, chipinda chochapira, zipinda za alendo, dimba, shedi ya zipangizo. Magalimoto amasiyidwa m'mphepete kuti pakati pakhale njira za oyenda pansi. Midzi yambiri imakhala ya mabanja apakati pa 20 ndi 40. Chachikulu n'chakuti mudziwo amauyendetsa ndi okhalamo eniake. Denga la nyumba ya onse likadontha, okambirana za mmisiri ndi za ndalama yomulipira ndinu. N'chifukwa chake nkhani ya nyumba ibwera mochedwa m'malangizowa. Choyamba n'kuona anthu, ndi mmene amachitira akasemphana.

## Zoti mukhale nazo musanayambe

- Kabuku kolembamo zimene mwaona pamudzi uliwonse. Mukayendera midzi itatu zinthu zimasakanikirana m'mutu.
- Chiwerengero chenicheni cha ndalama zanu: zimene muli nazo, zimene banki ingakubwerekeni, ndi zimene mungathe kulipira mwezi uliwonse popanda kuvutika.
- Imelo imene mumaitsegula kawirikawiri. Midzi yambiri imayankha alendo kudzera pamenepo.
- Masiku a tchuthi ndi ndalama yoyendera, chifukwa ulendo umodzi sukwanira.
- Loya wodziwa za malo ndi nyumba m'dziko limene mudziwo uli.
- Mawu omveka a aliyense amene mudzasamuke naye, kuphatikizapo ana amene afika pozindikira.
- Ngati mudziwo uli m'dziko lina, chilolezo chokhala m'dzikolo. Umembala wa mudzi supatsa munthu viza.

## Sitepe 1: Lembani zimene mukufuna ndi zimene simungapirire

Tsegulani tsamba loyamba la kabuku, mulembe mizere iwiri. Mbali ina zimene mukufuna: anzawo osewera nawo ana anu, anthu odya nawo madzulo, nyumba yosavuta kuyendamo mukadzakalamba, dimba. Mbali inayo zimene simungapirire zivute zitani. Mbali yachiwiriyi ndi imene imapulumutsa munthu, choncho lembani mosadzinamiza. Ngati phokoso la ana limakudwalitsani mutu, lembani. Ngati simungasiyane ndi mphaka wanu woyendayenda panja, lembani. Ngati ntchito yanu ndi yausiku moti misonkhano yamadzulo simungaikwanitse, lembaninso.

Kenako lembani dera limene mungathe kukhalako: kutalika kwa ulendo wa kuntchito, sukulu, chipatala, achibale okalamba amene amadalira inu.

Chenjezo: anthu amalemba za munthu amene amalakalaka atakhala, osati za iwo eni. Ngati panopa simunaphikirepo anthu opitirira asanu ndipo simukonda, musaganize kuti kusamuka kokha kudzakusinthani. Mudzi umakulandirani ndi khalidwe lomwe muli nalo lero.

## Sitepe 2: Sankhani pakati pa mudzi womangidwa kale ndi gulu longoyamba

Apa ndi pamene ambiri amatayira zaka, ndiye tiyeni tifatsepo.

Mudzi womangidwa kale mumauona ndi maso. Anthu alimo, malamulo alipo, mitengo ya nyumba ikudziwika. Vuto lake ndi malo. Pamudzi wa nyumba 30 pangathe chaka chathunthu osatuluka nyumba ngakhale imodzi, ndipo ikatuluka ikhoza kukhala ya zipinda zinayi inu mukufuna ya chimodzi. Mumalowanso m'zimene ena anakonza kale, kuyambira mtundu wa mipando mpaka masiku odyera pamodzi.

Gulu longoyamba limakupatsani mwayi woti mawu anu alowe m'mapulani: pomwe nyumba ya onse idzakhale, kukula kwa khonde, malamulo a ziweto. Mumadziwananso bwino ndi anzanu musanakhale nawo, chifukwa mwavutikira limodzi. Koma mtengo wake ndi nthawi ndi ndalama zimene mwina sizidzabwerera. Magulu ambiri amatha asanaike ngakhale njerwa imodzi, makamaka chifukwa chosowa malo, kukanizidwa chilolezo chomanga, kapena kukwera kwa mtengo womangira. Ngakhale opambana amadikira. Amayi amene anamanga New Ground ku Barnet, kumpoto kwa London, mudzi wa nyumba 25 wa amayi a zaka 50 kupita m'tsogolo, anayamba kukumana mu 1998 koma analowa m'nyumba zawo mu 2016. Zaka 18. Si magulu onse amene amachedwa chotere, koma dzifunseni ngati moyo wanu ungayembekeze zaka zisanu kapena kupitirira.

Mukakopeka ndi gulu longoyamba, funsani mafunso awa musanapereke kalikonse kupatula ndalama yochepa ya umembala. Kodi malo alipo kale, ndipo chikalata chake chili m'dzina la ndani? Kodi gululo linalembetsedwa mwalamulo ngati kampani kapena kopaletivu? Kodi lili ndi katswiri woyendetsa ntchito yomanga, kapena mamembala akungoyesa okha madzulo akaweruka? Ndi mabanja angati amene aika kale ndalama zenizeni, osati ongolemba maina? Ntchito ikalephereka, ndalama zanu zimabwezedwa zingati? Ine ndikaona gulu lomwe lakumana zaka zingapo koma likukambiranabe masomphenya, lopanda malo komanso lopanda membala amene waika ndalama, ndimalitenga ngati gulu la macheza. Macheza si oipa, koma musagulitsire nyumba yanu.

Palinso njira yachitatu imene anthu amaiiwala: kusandutsa nyumba zakale zoyandikana kukhala mudzi. N Street Cohousing ya ku Davis, California, inayamba chotere m'zaka za m'ma 1980, pamene anthu oyandikana anagwetsa mipanda ya kuseri kwa nyumba zawo n'kulumikiza mabwalo. Midzi ya mtunduwu imakula nyumba imodzi imodzi, ndipo nthawi zambiri imakhala ndi zipinda za lendi.

## Sitepe 3: Fufuzani kumene midziyo ili

Yambani ndi mabungwe amene amasunga mndandanda. Ku United States kuli Cohousing Association of the United States, ku Britain kuli UK Cohousing Network, ku Canada kuli Canadian Cohousing Network, ndipo ku Australia kuli Cohousing Australia. Foundation for Intentional Community ili ndi mndandanda wa midzi ya m'maiko ambiri, koma umasakaniza cohousing ndi midzi ina imene anthu amagawana malipiro kapena amatsatira chipembedzo chimodzi, choncho werengani bwino kufotokoza kwa mudzi uliwonse. Ku Denmark, kumene kakhalidweka kanayambira, mawu ofufuzira ndi bofællesskab, ndipo ku Netherlands ndi Centraal Wonen.

Sankhani midzi itatu kapena isanu ya m'dera lanu, mulembe m'kabuku chaka chimene inatsegulidwa, chiwerengero cha nyumba, ngati ndi ya misinkhu yonse kapena ya achikulire okha, komanso ngati ili ndi nyumba za lendi.

Chenjezo: mindandanda imakalamba. Gulu likhoza kukhala linatha kalekale koma dzina lake likadalipo. Onani tsiku la nkhani yomaliza imene analemba.

## Sitepe 4: Lembani kalata yoyamba

Wowerenga kalata yanu si wogwira ntchito yolipidwa. Ndi munthu wokhala pamudzipo amene anadzipereka kuyankha alendo, mwina usiku ana atagona. Muchepetsereni ntchito. Nenani kuti ndinu ndani, muli angati m'banja, mukufuna kugula kapena lendi, liti, ndiponso chimene chakukokani pa mudzi wawowo makamaka. Malizani ndi pempho limodzi: tsiku limene mungabwere kudzaona. Musafunse zimene analemba kale patsamba lawo. Pakatha masabata awiri osayankhidwa, lembaninso mwaulemu.

Musangotulukira osapangana. Pamenepo ndi pakhomo pa anthu, ndipo mlendo woyendayenda pakati pa nyumba akujambula zithunzi za makonde ndi ana a eni amadzitsekera yekha chitseko.

## Sitepe 5: Pitani, bwereraninso, ndipo mukagoneko

Ulendo woyamba umakhala woonetsedwa. Adzakuyendetsani m'nyumba ya onse, m'dimba, mwina m'nyumba imodzi kapena ziwiri. Zimenezo n'zabwino, koma mwaona mudzi utavala zapaulendo. Pemphani kubweranso tsiku wamba la pakati pa sabata, kudzadya nawo chakudya cha onse, ndiponso tsiku la ntchito ya pamodzi. Ngati ali ndi chipinda cha alendo, lipirani mugonemo masiku awiri kapena atatu.

Muli komweko, gwirani ntchito. Lowani m'khitchini mudule nawo ndiwo, mutsuke mapoto. Munthu amene manja ake ali m'madzi a sopo pambali panu amakuuzani zambiri kuposa woyendetsa alendo.

Yang'anani tizinthu timene sitikonzedwa chifukwa cha alendo. Pakhoma la khitchini pamakhala pepala la kasinthana wophika ndi wotsuka: werengani maina. Ngati kwa miyezi iwiri akubwerezabwereza ndi maina atatu omwewo, pamudzipo pali anthu otopa, ndipo kutopa kumeneko kudzasanduka mkwiyo. Tsegulani firiji ya onse muone ngati muli zakudya zoiwalika zochita nkhungu. Werengani zikalata za pabolodi ndi za m'chipinda chochapira, mumve kalembedwe kake: n'kokumbutsana mwaubale kapena n'kokalipa, kwa zilembo zikuluzikulu, kopanda dzina la wolemba? Madzulo khalani pakhonde muone ngati anthu amaima n'kucheza panjira kapena amangodutsana. Pachakudya onani ngati achinyamata ndi okalamba amakhala tebulo limodzi, ndiponso ngati pali wina amene amadya yekha pakona palibe womuyandikira.

Mafunso oti mufunse anthu osiyanasiyana, aliyense payekha:

- Ndi mkangano uti umene unavuta kwambiri pamudzi pano, ndipo unatha bwanji?
- Banja lomaliza kuchoka linachokeranji?
- Munthu aliyense amayembekezereka kugwira ntchito maola angati pamwezi, ndipo wosagwira mumatani naye?
- Mumadya pamodzi kangati pasabata, ndipo zaka zisanu zapitazo munkadya kangati?
- Malamulo a ziweto, fodya, phokoso, alendo ogonera ndi kubwereketsa nyumba kwa anthu akunja ndi otani?
- Ana akalakwitsa, munthu amene si kholo lawo angawadzudzule?

Safunsa anadya phula. Funso loyambalo musalichitire manyazi. Amene akuyankha kuti kuno sitikangana mwina wangofika kumene, mwinanso sakukuuzani zoona. Mudzi wathanzi umatha kukufotokozerani mkangano wake wakale modekha, n'kukuuzani chimene unasintha pambuyo pake. Ngati n'kotheka, pemphani kuti akulumikizeni ndi munthu amene anachokapo. Mudzi wodzidalira sukana.

## Sitepe 6: Khalani nawo pamsonkhano

Pa masitepe onse, iyi ndi imene sindingalole mnzanga kuidumpha. Midzi yambiri imalola ofuna kulowa kuti adzamvetsere msonkhano waukulu, umene kawirikawiri umachitika kamodzi pamwezi. Khalani kumbuyo, musalankhule pokhapokha akufunsani, ndipo lembani.

Dziwani kaye njira imene amagamulira nkhani. Yofala kwambiri ndi ya mgwirizano wa onse: mfundo simadutsa mpaka aliyense atavomera, kapena atanena kuti sakugwirizana nayo koma sakuitsekereza. Midzi ina imagwiritsa ntchito makadi amitundu, wobiriwira kusonyeza kuvomera, wofiira kutsekereza. Ina inasamukira ku njira yotchedwa sociocracy, imene imagawa ntchito m'magulu ang'onoang'ono, lililonse lokhala ndi mphamvu yogamula nkhani za mbali yake, monga ndalama, dimba kapena khitchini, ndipo mfundo imadutsa ngati palibe amene ali ndi chifukwa chomveka choti ingawononge cholinga cha gululo. Njira zonsezi zimatha kuyenda bwino, zimathanso kusokonekera. Chimene mukufufuza ndi mmene amazigwiritsira ntchito.

Onani ngati msonkhano uli ndi ndondomeko yolembedwa ndi woutsogolera, komanso ngati utsogoleriwo amasinthana. Werengani anthu amene alankhula poyerekeza ndi amene abwera. Munthu wofatsa akakweza dzanja, amapatsidwa mpata kapena amamezedwa ndi olongolola? Wina akadula mnzake pakamwa, alipo womuletsa? Nkhani ikagamulidwa, amatchula dzina la woichita ndi tsiku loimalizira, kapena amangoti tidzaona? Ndipo funsani ichi: munthu mmodzi akatsekereza mfundo mobwerezabwereza, njira yotulukira ndi iti? Midzi ina ili ndi lamulo loti nkhani ikakanika pamisonkhano ingapo, avote ndipo idutse ndi mavoti ochuluka ndithu. Kumene kulibe njira iliyonse, munthu mmodzi wouma mutu angaimitse kukonza denga kwa zaka.

Mukatuluka, dzimvereni nokha m'thupi. Kutopa pang'ono n'kwachibadwa. Koma ngati mwatuluka mutu ukuwawa, mukulumbira mumtima, kumbukirani kuti msonkhano umenewu udzakhalapo mwezi uliwonse, chaka ndi chaka, ndipo inuyo mudzakhala mmodzi mwa oyenera kuupirira ndi kuukonza.

## Sitepe 7: Werengani mapepala, muwerengerenso ndalama

Pemphani zikalata izi: malamulo oyendetsera mudzi, mfundo zimene anagwirizana pa nkhani zosiyanasiyana, maminitsi a misonkhano ya chaka chathunthu, bajeti ya chaka chino, ndi lipoti la ndalama la chaka chatha. Maminitsi ndi otopetsa kuwerenga koma sanama. Nkhani imene ikubwera mwezi ndi mwezi osatha ndi imene mudzaipeze ikukudikirani.

Kenako mvetsani chimene mukugula, chifukwa umwini umasiyana. Midzi yambiri ya ku United States inalembetsedwa ngati condominium kapena bungwe la eni nyumba: nyumba ndi yanu, malo a onse muli ndi gawo lake, ndipo mumalipira chopereka mwezi uliwonse. Ku Britain n'kofala kuti kampani ya okhalamo ikhale mwini malo, inu n'kugula lizi ya zaka zambiri n'kukhalanso membala wa kampaniyo. Kwina ndi kopaletivu, kumene mumagula masheya okupatsani ufulu wokhala m'nyumba. LILAC ya ku Leeds, ya nyumba 20, imene inatsegulidwa mu 2013, ili ndi njira yakeyake: bungwe ndiye linatenga ngongole ya nyumba zonse, ndipo membala aliyense amalipira pafupifupi 35 peresenti ya malipiro ake otsala akachotsa msonkho. Ku New Ground nyumba 17 n'zogula ndipo 8 n'za lendi yothandiza opeza zochepa. Kusiyanaku kumakhudza ngongole imene mungapeze, chifukwa si banki iliyonse imene imabwereketsa ndalama zogulira masheya a kopaletivu. Funsani okhalamo mabanki amene anawathandiza.

Musayembekezere kuti nyumba ikhala yotchipa. Nthawi zambiri nyumba za cohousing zimakhala zocheperapo kukula, koma mtengo wake umafanana kapena kupitirira wa nyumba zina za m'deralo, popeza mukulipiriranso gawo lanu la nyumba ya onse ndi malo. Kupulumutsa ndalama kumabwera pambuyo, pa zinthu zogawana: makina ochapira, zipangizo, chipinda cha alendo chimene simukufunikanso kukhala nacho m'nyumba mwanu.

Pa bajeti, fufuzani zinthu zitatu. Chopereka cha pamwezi n'chingati, chimalipira chiyani, ndipo chakwera motani m'zaka zapitazi? Kodi pali thumba losungira ndalama zokonzera zinthu zikuluzikulu monga madenga, mapaipi ndi misewu, ndipo muli zingati poyerekeza ndi ntchito imene ikubwera? Ndipo ndi mabanja angati amene ali m'mbuyo pa malipiro? Chopereka chotsika kwambiri chisakusangalatseni. Kawirikawiri chimatanthauza kuti sakusunga, ndipo tsiku limene denga lidzafune kusinthidwa, banja lililonse lidzauzidwa kusonkha ndalama yaikulu nthawi imodzi, inunso amene mwangolowa kumene.

Zikalata zonsezi zipite kwa loya wanu, osati wa mudziwo kapena wa wogulitsa. Nyumbayo iyenderedwenso ndi katswiri woona za kulimba kwa nyumba, monga mmene mungachitire pogula nyumba ina iliyonse. Kukoma mtima kwa anthu sikutseka ming'alu.

## Sitepe 8: Tsatirani njira yawo yolowera

Mudzi uliwonse uli ndi njira yake. Ina imafuna mubwere ku zakudya ndi misonkhano kangapo, mulembe fomu, mukumane ndi komiti ya umembala, kenako mamembala agamule. Ina ilibe mphamvu yokana munthu. Ku United States, mwachitsanzo, malamulo oletsa tsankho pa nkhani za nyumba amachititsa kuti midzi yambiri isasankhe wogula. Imangomupempha kuti adziwe bwino kakhalidwe kake n'kudzisankha yekha. Kumeneko udindo wonse woona ngati mukuyenerana uli pa inu.

Ngati palibe nyumba, lembetsani pamndandanda wa oyembekezera, ndipo funsani mmene umayendera. Kwina amatsata tsiku lolembetsa, kwina okhalamo kale ofuna kusintha nyumba ndi amene amayamba, kwinanso amayang'ana msinkhu kapena kukula kwa banja kuti mudzi usakhale wa anthu ofanana okhaokha. Midzi ina ili ndi umembala wa anthu okhala kunja, wolola kubwera kudzadya ndi kudzagwira ntchito. Tengani umenewo. Nyumba ikatuluka, amayamba kumva ndi anthu amene nkhope zawo zimaoneka.

Mwayi wa lendi ukapezeka, ngakhale wa chipinda chimodzi m'nyumba ya wina, ndi njira yabwino koposa yoyesera. Miyezi 6 kapena chaka imakuonetsani nyengo yozizira, nyengo ya bajeti ndi mkangano umodzi kapena iwiri. Funsani kokha ngati a lendi ali ndi mawu pamisonkhano mofanana ndi eni nyumba.

## Sitepe 9: Dziwani potulukira musanasaine

Moyo umasintha: ntchito, matenda, banja kutha, imfa. Funsani ngati mungagulitse kwa aliyense kapena mudzi uli ndi ufulu woyamba kupeza wogula, ngati pali malire a mtengo wogulitsira, ngati mungaike munthu wa lendi mutachokapo kwa kanthawi, ndi chimene chimachitika nyumba ikasiyidwira ana. Funsaninso kuti nyumba zomaliza kugulitsidwa zinatenga nthawi yaitali bwanji. Mayankho akhale olembedwa m'zikalata. Lonjezo la pakamwa la membala mmodzi, ngakhale wokoma mtima chotani, silimanga mudzi wonse.

## Sitepe 10: Miyezi yanu yoyamba

Lowani m'gulu limodzi la ntchito, limodzi lokha, ndi m'kasinthana wophika. Bwerani ku zakudya ngakhale mutatopa, makamaka masabata oyamba, chifukwa maina ndi nkhope zimalowa m'mutu patebulo. Ngati mudzi umapereka munthu wothandiza atsopano, mugwiritseni ntchito pa mafunso ang'onoang'ono: makiyi a shedi, kasungidwe ka zinyalala, kalembetsedwe ka chipinda cha alendo. Mukaona lamulo lodabwitsa, funsani mbiri yake musanapemphe kuti lisinthidwe. Kawirikawiri kumbuyo kwake kuli nkhani imene inatengera anthu misonkhano isanu.

Phunziraninso kukana. Kunena kuti lero sindicheza, ndikufuna kupuma, si mwano. Midzi ina ili ndi zizindikiro zodziwika, monga kutseka katani ya pakhitchini, zosonyeza kuti munthu asagogode. Funsani za pamudzi wanuwo.

## Zolakwitsa zofala

Kukoka mnzanu wa m'banja amene sakufuna. Mmodzi akamathamangira misonkhano wina atadzitsekera m'nyumba, mavuto amayambira m'banjamo n'kufalikira kwa oyandikana nawo. Aliyense akachezeko payekha kamodzi, n'kudzanena maganizo ake mnzake asanamuuze zake.

Kuyembekezera chisamaliro cha odwala. Anthu oyandikana nawo adzakuphikirani mukachokera kuchipatala, adzakutengani kokaonana ndi dokotala, adzagogoda akaona kuti simunatsegule. Koma kusambitsa, kumwetsa mankhwala tsiku ndi tsiku ndi kugonera wodwala kwa miyezi si ntchito imene analonjeza, ngakhale m'midzi ya achikulire. Funsani malire ake, ndipo konzani za chisamaliro cholipira kapena cha achibale padera.

Kuganiza kuti kusungulumwa kutha sabata yoyamba. Anthu amene mwawapeza anadziwana kalekale, ali ndi nthabwala zawo ndi zilonda zawo. Ubale umatenga miyezi, ndipo si onse amene adzakhale anzanu apamtima. Ena adzangokhala oyandikana nawo abwino, ndipo mmodzi kapena awiri simudzawakonda, koma mudzatsuka nawo mbale.

Kudzikana chifukwa ndinu wofatsa. Anthu ambiri osakonda piringupiringu amakhala bwino m'midzi yotere, popeza macheza ali pafupi ndipo chitseko chawo n'chokhoma. Chofunika si kulongolola, koma kukwaniritsa ntchito imene mwalonjeza ndi kulankhula poyera chikakuwawani.

Kubwera ndi mtima wodzakonza anthu. Luso lanu la kuntchito, la zowerengera ndalama kapena loyendetsa misonkhano, adzalifuna. Koma watsopano amene pamsonkhano wachiwiri akubwera ndi pepala la zinthu khumi zolakwika amatseka makutu a anthu, ngakhale zisanu mwa izo zili zoona. Yambani mwagwira ntchito imene ena amaithawa.

Kugulitsa nyumba yanu msanga. Ntchito yomanga imachedwa, ndipo tsiku lolowa limasunthidwa kangapo. Musagulitse kapena kusiya lendi yanu potengera tsiku longoyerekeza. Khalani ndi pokhala podikirira, ndi ndalama yake.

Kutumiza ndalama kwa munthu m'malo mwa bungwe. Ndalama iliyonse yaikulu ipite ku akaunti ya bungwe lolembetsedwa kapena idzere kwa loya, pali pangano losainidwa lonena ntchito yake ndi mmene ingabwezedwere. Wina akakuuzani kuti nyumba yatsala imodzi, tumizani lero ku akaunti yake mapepala adzabwera pambuyo, imani kaye. Funsani nambala imene bungwelo linalembetsera kuboma, muitsimikize nokha, ndipo mulankhule ndi mamembala ena awiri musanatulutse ndalama.